Mapiritsi Amene Dokotala Sanauzidwe

Kwa zaka ziwiri, mayi wina wosoka zovala kuseri kwa msika ankataya magazi ambiri mwezi uliwonse, mpaka ankachita chizungulire akamapalasa makina. Dokotala anapeza zotupa m'chiberekero ndipo anati chichotsedwe. Tsiku la opaleshoni linasinthidwa kawiri.

Mayiyo ankamwanso mapiritsi oletsa magazi kuundana, omwe anapatsidwa kuchipatala china mwendo wake utatupa. Ali pabenchi kudikira namwino, ananong'oneza mkulu wake amene anamuperekeza.

"Achemwali, ndiwauze za mapiritsi aja?"

"Ukangotchula, akubwezanso. Wavutika mokwanira, mwana wa amayi. Timapiritsi timeneto tingatani?"

Namwino atafunsa ngati pali mankhwala amene akumwa, mayiyo anayang'ana mkulu wake, n'kupukusa mutu.

Opaleshoni ya maola awiri inatenga maola asanu. Mkulu wakeyo anakhala pakhonde atafungatira chikwama cha zovala. Kanayi konse namwino anamudutsa ndi matumba a magazi, osayang'ana munthu. Kenako dokotala anatuluka n'kukhala naye pafupi.

"Mayi, tikamachotsa chiberekero timapana mitsempha yake, kenako timaimanga ndi ulusi, umodziumodzi. Tinatero. Tinamanganso mtsempha waukulu wa m'chiuno, tinatsendera nsalu m'mimba kuti zipanikize. Koma magazi ankangotuluka paliponse ngati thukuta, osaundana. Mng'ono wanu watisiya. Kodi panali mankhwala amene ankamwa?"

Mkulu wakeyo anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo. Dokotala anawerenga dzina la mankhwalawo nthawi yaitali.

"Tikanadziwa, tikanamusiyitsa amenewa kwa masiku angapo n'kumupatsa ena oyenera," anatero motsitsa mawu. "Kunali kungodikira sabata imodzi."

Lero mkulu wake uja akulera ana awiri a malemu. Mwana woyamba, yemwe ndi mtsikana, ali ndi mawu a mayi ake enieni, moti akaitana ali kuchipinda, mayi ake aakuluwo amangoima chilili.

Tsiku lina akupinda zochapa, mtsikanayo anafunsa, "Amayi aakulu, inu munalipo. Analakwitsa ndi adokotala?"

"Ayi, mwanangu. Adokotala sanalakwitse."

Mtsikanayo anadikira kuti amve zambiri. Mayi ake aakulu anatola malaya ena, anawapinda, n'kuwapindulanso.

Phunziro: Musanachitidwe opaleshoni, uzani dokotala mankhwala onse amene mukumwa, a kuchipatala, ogula ngakhale azitsamba. Ndipo inu operekeza odwala, musamawalangize kubisa kanthu.