Tsitsi la Providence

Ku Rufunsa kulibe dalaivala wa minibasi amene samudziwa Cephas. Tayala likaphulika pa msewu waukulu wopita ku Chipata, amalikunkhuniza mpaka pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, pamene mkuluyu amakhala ndi pampu yake, beseni la madzi akuda ndi mulu wa machubu. Zala zakezo, abale, zokakala ngati chinangwa chouma. Kumata zinkadziwa, koma chipeso zinali zisanachigwirepo.

Ndiye vuto linayambira pa chipeso pomwepo.

Mkazi wake Dorcas anamwalira chaka chatha nthawi yokolola, n'kumusiyira mwana mmodzi, Providence, wa giredi folo. Tisamunamizire munthu, Cephas anayesetsa. Anaphunzira kuphika, kuchapa yunifomu, ngakhale kusita ndi simbi yamakala osawotcha kolala. Koma tsitsi la mwanayo linamukanika. M'mawa ankangolinyowetsa, n'kulipsinja ndi chikhatho ngati akumata chigamba, kenako n'kumuuza mwana kuti athamange wachedwa.

Tsiku lina aphunzitsi anajambula ana akusesa pabwalo n'kuika chithunzicho pa gulu la makolo la pa foni. Zithunzi za masiku ano zilibe ulemu. Chinayenda mpaka ku Mtendere ku Lusaka, n'kukagwera m'manja mwa Harriet, mkulu wake wa malemu Dorcas. Foni ya Cephas inalira iye ali pakati pozula msomali m'tayala.

"Mulamu, ichi chili pamutu pa mwana n'chiyani? Chisa cha mbalame?"

"Ndi tsitsi, mulamu. Kunali mphepo tsiku lija."

"Mphepo inasankha mwana wathu yekha? Mverani, ine ndinakamba pamaliro paja kuti mwamuna sangalere mwana wamkazi. Ndibwera pa tsiku la makolo kusukulu. Sukulu ikatseka, Provi ndipita naye."

Cephas anangokhala pa tayala lomwelo. Ankadziwa mwambo wake: mwana ndi wa kuchikazi. Pamaliro paja akuchikazi anangomulekera mwanayo kuti aone ngati angakwanitse, ndipo Harriet akati sanakwanitse, panalibe wotsutsa. Mantha anamugwira kwambiri. Mkazi anapita kale, manje apitenso mwana amene amamudzutsa m'mawa ndi nyimbo za kusukulu? Nyumba imeneyo sakanaikhala.

Kusukulu kwa Provi kuli gulu la amayi limene limaphikira ana phala ndi kuyendera mabanja amene zinthu zawavuta. Limakumana Lachitatu pa chisakasa chophikira, kuseri kwa makalasi, ndipo wapampando wake ndi Edness, akazi a abusa, mayi wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Kumeneko n'kumene Cephas anatulukira, chipewa chili m'manja.

"Bashi Provi, mwasochera? Kuno kulibe matayala," anatero Edness, pomutchula Cephas kuti bambo a Provi monga amaitanirana kumeneko.

"Ndabwera kudzalowa gulu, amayi. Ndifuna kuphunzira kuluka tsitsi."

Amayiwo anaseka mpaka wina anagwetsa mthiko m'phala. Koma atafotokoza za Harriet, kuseka kunatha. Edness anati nkhani yake ndi yaing'ono, azingomubweretsa mwanayo Loweruka lililonse iwo azimuluka.

"Zikomo, amayi. Nanga mukadwala? Mukapita kumaliro ku Shikabeta? Ndifuna manja anga omwewa adziwe."

Anamulandira, koma osati mwaulere. Anamupatsa mthiko waukulu, chifukwa mphika wa phala la sukulu yonse umafuna mphamvu. Phala likapsa, maphunziro ankayamba. Mayi wina dzina lake Annet anapereka mutu wake kuti Cephas aphunzirirepo mukule, mizere ija yogona pamutu kuchokera kumphumi kupita kunkhongo. Sanafike n'komwe pakati pa mzere woyamba, Annet anadumpha atagwira khutu.

"Bashi Provi, uwu ndi mutu wa munthu, si limu ya lole!"

Kuyambira tsiku limenelo panalibenso wodzipereka. Cephas sanagwe mphwayi. Anadula malegeni opyapyala kuchokera ku machubu akale, n'kuwakhomera pathabwa, ndipo kasitomala akachoka iye ankakhala pansi pa mango n'kumaluka mphira zija, lilime lili panja. Makondakitala, anthu opanda chisoni, anapeza poyambira. Phinias wa minibasi ya ku Chongwe ankati akamadutsa n'kutulutsa mutu pawindo kufunsa ngati saluni yatsegula, akuti akufuna kubweretsa apongozi ake. Cephas ankangomuuza kuti tayala lake la kumbuyo latha, aonana posachedwa.

Mphira zitayamba kumvera, anakhazika Provi pakati pa miyendo yake pakhonde. Mizere yoyamba inakhota ngati msewu wa m'mapiri a pa Manenekera. Mwanayo anadziyang'ana pa kagalasi, n'kupukusa mutu ngati mphunzitsi wamkulu.

"Adadi, amami sankakoka choncho. Ankayambira kuseri kwa khutu ili, pang'onopang'ono. Ndipo akamaliza ankandigogoda pamutu kawiri, n'kunena kuti, nyamuka, wakongola, koma usanyade."

Cephas anaika chipeso pansi. Anali atawamvapo mawu amenewo kangapo akuchokera kuntchito, koma sanawaikepo mtima, poti ankaganiza kuti adzawamva mpaka kukalamba. Anamasula mizere yonse n'kuyambiranso kuseri kwa khutu. Atamaliza anagogoda kawiri n'kunena mawuwo, ndipo Provi anathamanga kukaonetsa anzake ngakhale mizereyo inali yokhotabe.

Pofika tsiku la makolo, zala za chinangwa zija zinali zitawongoka. Pabwalo la sukulu panali anthu ngati pamsika Loweruka. Ena anachokera ku Chinyunyu pa njinga, ena ankagulitsa vitumbuwa kumpanda, a kukiliniki anaika tebulo lawo pansi pa mtengo n'kumayeza anthu magazi. Ng'oma zitalira, atsikana oguba analowa ndi timasiketi tawo tofiira, ndipo patsogolo pawo panali Provi, ndodo ikuzungulira m'dzanja, mukule uli see ngati mizere ya m'munda wa munthu wakhama. Cephas anadzimva kutalika.

Harriet anafika ndi basi ya m'mawa, atavala wigi yonyezimira, m'manja muli chikwama chachikulu chopanda kanthu choti aikemo zovala za mwana. Kuguba kutatha anamuitana Provi, anamukumbatira, kenako anamugwira chibwano n'kumatembenuza mutu uku ndi uku. Cephas anaima pambali akumwetulira, akudikira kutamandidwa. Koma nkhope ya mlamu wake inkangoda.

"Mulamu, mkazi ameneyu ndani?"

"Mkazi uti?"

"Amene waluka mwanayu. Chaka changotha kumene, inu mwalowetsa kale wina m'nyumba ya mng'ono wanga, osatiuza ife? Mwana wathu saleredwa ndi mayi womupeza. Provi, tiye ukalongedze."

Taonani zake. Munthu wavutika ndi mphira mpaka matuza, wasekedwa ndi makondakitala, ndiye luso lomwelo limulande mwana!

"Amayi aakulu, adadi ndi amene andiluka," anatero Provi.

"Wakuphunzitsa ndi kunama komwe."

Edness anamva phokosolo ali kuchisakasa, anabwera akupukuta manja pachitenje n'kuchitira umboni. Harriet anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati mkazi wake ndi yemweyu. Edness anaseka mpaka kugwira m'nthiti, nati abusa akamva zimenezi asala kudya sabata yonse. Kenako anamugwira mlendoyo dzanja.

"Tiyeni kuseri, kuli amayi okhaokha. Muvule wigi, mukhale pampando, mudzionere nokha."

Harriet si munthu wothawa mkangano. Anapita, anavula wigiyo n'kuiika pamwendo, anakhala pa kampando ka pafupi ndi mphika.

"Mukaluka mizere yowongoka pamutu panga, ndibwerera ndekha," anatero. "Mukandizula tsitsi, mwana ndipita naye lero lomwe, kutseka kwa sukulu sindidikira."

Cephas anasamba m'manja ndi sopo wa amayi aja. Chimene chinali pamutu pamenepo sichinali tsitsi chabe, anali mwana wake. Provi anamupatsa chipeso n'kuima pambali atagwira botolo la mafuta. Anayambira kuseri kwa khutu, pang'onopang'ono. Kubwalo chimkuzamawu chinayamba kuitana azibambo ku mpikisano wothamanga m'masaka, chinatchula Bashi Provi kangapo, koma iye sanachimve. Annet, amene khutu lake linali lisanaiwale, ankangoyang'ana nkhope ya Harriet kudikira kuti akuwe. Harriet sanakuwe. Poyamba anaumitsa khosi, kenako mapewa anagwa, mpaka maso anayamba kutsinzina okha.

Mzere womaliza utatha, Cephas anapuma mozama. Ndiye poti manja anali atazolowera, anachita zimene ankachita pakhonde paja osaganiza n'komwe. Anagogoda mutu wa mlamu wake kawiri.

"Nyamuka, wakongola, koma usanyade."

Amayi aja anafuna kuseka, koma anaona kuti Harriet sananyamuke. Mlendoyo anakweza dzanja n'kugwira pamene anagogodedwa paja. Kuyambira ali atsikana kumudzi ku Chinyunyu, amene ankaluka mutu umenewo anali Dorcas, ndipo palibe tsiku limene anamaliza osanena mawu amenewo kwa mkulu wake. Harriet ankaganiza kuti mawuwo anakwiriridwa naye limodzi. Analira, kulira kwenikweni kosabisa, mpaka Provi anasiya botolo n'kukamukumbatira.

"Pepani, mulamu, chizolowezi chabe," anatero Cephas mwamanyazi.

"Khalani chete inu," anayankha Harriet akupukuta maso ndi wigi ija. "Galasi lili kuti?"

Galasi kunalibe, anadziyang'ana pa chivundikiro cha poto. Anatembenuza mutu uku ndi uku monga anachitira ndi Provi. Anangotenga wigi n'kuiponya m'chikwama chachikulu chija, n'kupita kubwalo mutu uli pamtunda kukaonera azibambo akugwa ndi masaka.

Madzulo Cephas ndi Provi anamuperekeza Harriet kumsewu. M'chikwama munali wigi ndi mbatata zimene Edness anamupatsa, basi. Minibasi inaima, ndipo kondakitala wake anali Phinias yemwe uja. Anayang'ana mutu wa Harriet, anayang'ana Cephas, n'kufunsa mwaulemu ngati Loweruka angabweretse apongozi aja. Harriet anakwera, anakhala pafupi ndi windo, n'kuitana mlamu wake ndi chala.

"Mwanayu akhale," anatero. "Koma mwezi wamawa ndibweranso. Mudzandiluke, ndipo mukamaliza mudzanenenso mawu aja."

Cephas anagwedeza mutu kuvomera. Minibasi inanyamuka. Provi anagwira dzanja la bambo ake, lokakala lija, n'kuwakumbutsa kuti kunyumba kulibe ndiwo, adutsire pamsika.