Kaliyala Yopaka Utoto Wakuda

Keziya anali atangoviika mabulangete m'bafa, manja ali thovu mpaka m'zigongono, pamene njinga inalowa pabwalo mwaliwiro n'kukagubuduza ndowa ya madzi otsukuluzira. Madziwo anali atawatunga m'mawa kukuzizira, ndiye anatembenuka mawu atadzaza kale m'kamwa. Koma ataona nkhope ya Lusungu, mtsikana amene ankapalasa njinga limodzi ndi mwana wake Wezi, mawu aja anawameza.

"Amama, tiyeni! Wezi amugwira akabaza pa steji ya pamphambano paja. Akumumenya. Akuti ndi munkhungu."

"Wakuba? Wezi? Waba chiyani?"

"Kaliyala ija."

Keziya sanafunse kuti iti. Dzulo lake lomwelo achinyamata atatuwa, Wezi, Lusungu ndi mnzawo Amos, anatandala pabwalo lomweli la ku Masasa, njinga atazigadamitsa miyendo m'mwamba. Ankakonzekera ulendo wopalasa mpaka ku Livingstonia, kugona m'njira, katundu yense ali panjinga. Keziya sankamvetsa chimene chimachititsa munthu wokhala ndi bedi kukagona m'tchire, koma ankawasiya. Bola njinga kusiyana ndi mowa.

"Iwe Amos, thewera wavalalo wabwereka kwa khanda la ndani?" anatero Wezi, akuloza kabudula wothina wa siponji kumatako.

"Seka lero, bwana. Tikamadutsa pa Ekwendeni udzakhala ukupalasa choimirira, kumbuyoko kutapsa ngati chigumu."

"Nonse awiri mudzalira ndi mphepo," anatero Lusungu akudula malegeni ku chubu chakale kuti amangire zikwama. "Malaya a thonjewo akanyowa sauma. Pitani pa kaunjika mukapeze majekete opepuka a mvula. Ndipo iwe Amos, helemeti yako ili kuti?"

"Chigoba cha fulu chija? Mutu wanga umafuna mpweya."

Ali m'kati moseka, Wezi analowa m'nyumba n'kutulutsa kaliyala yake yatsopano. Inali yolemera, ya zitsulo zonenepa zowotcherera pamanja, yokhala ndi popondera mapazi ndi chogwirira cha wokwera. Inali yobiriwira, utoto utakalikakalika. Anati imeneyo inyamula tenti, mapoto ndi chikwama popanda kupindika, ndipo anaipeza motchipa zedi.

Lusungu anasiya kudula malegeni. "Iyi ndi ya kabaza, Wezi. Wa kabaza sagulitsa kaliyala yake payokha. Adya chiyani mawa? Wakugulitsa ndani?"

"Bambo wina kuseri kwa msika. Wandevu, wamtali. Dzina sindinafunse."

"Ibweze. Kapena pita nayo kwa tcheyamani wa akabaza ukamuonetse kaye."

"Aaa, Lusungu, wayambapo," anatero Amos. "Ukagula nsapato pa kaunjika umafunsa kuti anavala ndani? Wagula, wagula. Ingoipaka utoto wakuda, igwirizane ndi njinga. Nkhani yatha."

Keziya anali akusesa pafupi pomwepo ndipo anamva zonse. Anali atatopa, msana ukuwawa. Chimene ananena ndi chimodzi chokha: asamudonthezere utoto pakhonde.

Tsopano ankathamanga chitunda cha ku Masasa, patapata mmodzi atatsala m'matope, Lusungu akukankha njinga pambali pake uku akufotokoza mwabefu. Anati anaima pa steji kuti abwereke pampu. Akabaza anawalandira bwino, akuseka thewera la Amos, akunyamula njinga zawo kuti amve kupepuka kwake, akufunsa ngati magiya onsewo amagwiradi ntchito. Kenaka mmodzi wa iwo, Gomezgani, anasiya kuseka. Anagwira chogwirira cha kaliyala ya Wezi, n'kuyendetsa chala pamene anawotcherera.

Kaliyala ya kabaza sagula m'sitolo. Aliyense amakawotcheretsa yake, molingana ndi msinkhu wake ndi katundu amene amanyamula, ndipo pa steji amadziwana nazo monga momwe amadziwirana nkhope. Gomezgani anatenga kiyi, n'kukala utoto wakuda uja. Pansi panatuluka chobiriwira.

"Akuti ndi ya mkulu wake, Frackson," anatero Lusungu. "Sabata yatha munthu wina anamukwera ngati kasitomala, atafika njira ya ku Msongwe anamukhapa ndi chikwanje n'kuthawa ndi njinga. Frackson ali m'chipatala."

"Nanga Amos?"

"Atangoona chobiriwiracho anakwera njinga yake. Sanacheuke."

"Apolisi wawaimbira?"

"Enya, amama. Ndisanabwere kwanu."

Phokoso analimva asanafike pamphambano. Anthu anali atazungulira ngati pali gule. Ena anali akabaza, koma ambiri anali ongodutsa: ogulitsa nthochi, anyamata oitanira minibasi, bambo wina wa tayi. Mafoni anali m'mwamba, akujambula.

"Mukomeni munkhungu, afe! Atikwana!"

Keziya analowa ndi zigongono. Wezi anali pansi, atadzipinda, manja ataphimba mutu. Helemeti yake inali itasweka pakati, chidutswa chikulendewera pa lamba. Wina ankamukwapula ndi tcheni cha njinga, ndipo paliponse pamene chinatera, malaya ankang'ambika pamodzi ndi khungu. Gomezgani anali ndi pampu yachitsulo, yomwe ija achinyamata aja anabwera kudzabwereka. Anaikweza ndi manja awiri n'kuitsitsa pachibwano. Keziya anamva kulira kwa fupa. Mwala unachokera kumbuyo n'kumupeza Wezi padiso.

"Ndagula... ndagula..." Mawu ankatuluka ndi magazi, ndipo palibe amene ankamva.

"Wagula kwa ndani? Unapakiranji utoto ngati wagula?" anakuwa Gomezgani, misozi ili mbwe. "Mkulu wanga mutu uli ndi nsalu, iwe ukuyenda ndi thukuta lake kokasangalala!"

Anyamata awiri anabwera akugubuduza tayala la galimoto. Wina anali atagwada kale pa njinga yamoto, akukhetsera petulo m'botolo la madzi akumwa. Anamukoka Wezi miyendo, n'kumukoleka tayala lija m'khosi.

Keziya sanapemphe. Anadzigwetsa pamwamba pa mwana wake, n'kulowetsa mutu ndi dzanja lake m'tayala lomwelo. Tcheni chinamutera pamsana, kamodzi, kawiri, mpaka wochigwira anazindikira kuti akumenya mzimayi.

"Fumanipo, amama! Chokani!"

"Yayi. Thirani. Mwana wane uyu, ndinamubereka ndine. Thirani tonse awiri, muyatse. Iwe wa botolo, ndikukudziwa, amayi ako timapemphera limodzi. Bwera uthire, ndikuone."

Mnyamata uja anaima, botolo lili m'manja. Petulo ananunkha ponseponse, wina atadonthera pa chitenje cha Keziya chimene chinali chikadali chonyowa ndi madzi ochapira. Kumbuyo kunali ena amene sankaona bwino, ndipo ankakuwabe kuti awotchedwe. Mwala wina unamugunda Keziya paphewa. Sanasunthe. Ankamva mtima wa Wezi ukugunda pansi pa chifuwa chake, ndipo china chilichonse analibe nacho ntchito.

Galimoto ya apolisi italira pakona, bwalo lonse linaphwasuka. Wa tayi uja analowa m'sitolo ngati wabwera kudzagula sopo. Wa botolo analitaya mu ngalande. Amene anatsala ndi Gomezgani yekha, atakhala pansi, atakumbatira njinga ya Wezi cha ku kaliyala. Sanathawe. Apolisi anamukweza m'galimoto ndi pampu yake yomwe.

Kuchipatala anamutengera Wezi m'chipinda cha opaleshoni, Keziya n'kutsala pabenchi, phazi limodzi lopanda patapata. Dzuwa litapendeka, namwino wina wachikulire, mayi Bridget, anabwera ndi thonje n'kuyamba kumutsuka mabala a pamsana popanda kufunsa.

"Mwana wanu akhala moyo," anatero. "Helemeti ija yamuthandiza, ikanapanda ija bwenzi tikukamba zina. Koma chibwano chathyoka, tachimanga ndi mawaya. Adya zamadzimadzi kwa nthawi ndithu. Diso lamanzere talephera kulipulumutsa."

Keziya anangogwedeza mutu. Kulira anali asanakupezere nthawi.

"Sanabe," anatero kenaka. "Anagula."

"Ndikukhulupirirani. Koma mayi, ndinene mosabisa. Amene amakhapa akabaza sakwera njinga zimenezo. Amaziphwasula, n'kugulitsa chidutswachidutswa: uyu tayala, uyu chishalo, uyu kaliyala. Akanakhala kuti palibe wogula mosafunsa, bwenzi zikwanjezo zili kumunda. Mwana wanu sanakhape munthu, koma wokhapayo anadya tsiku limenelo chifukwa cha iye."

Mawuwo anawawa kuposa mankhwala a pabala.

"Ndipo omenyawo nawonso," anapitiriza mayi Bridget, akumata bandeji. "Ine ndatopa kusoka anthu amene gulu laweruza. Akanamugwira bwinobwino n'kupita naye ku polisi, bwenzi pano akulondolera apolisi kuseri kwa msika. M'malo mwake aswa pakamwa pa munthu yekhayo amene anaona nkhope ya wogulitsa. Ndipo mavidiyo ali kale pa mafoni onse. Mukuganiza kuti wogulitsayo akadali mu Mzuzu muno kudikira?"

Atamutulutsa, Wezi anamugoneka mu wodi ya abambo. Nkhope inali itatupa moti Keziya anamuzindikira ndi mapazi. Pa bedi loyandikana nalo panali bambo wowonda, mutu wokulungidwa, dzanja lili mu pulasitala. Ankangoyang'ana kukhomo.

"Mwatandala uli, amama," anatero motsitsa. "Pepani, kunjako simunaoneko mnyamata wa kabaza, wamfupi, atanyamula kontena? Mng'ono wanga. Amabwera ndi chakudya masana, koma lero zii."

Keziya anayang'ana mutu wokulungidwa uja. "Dzina lanu ndani, adada?"

"Frackson."

Mayi Bridget anali pomwepo, akukonza diripi. Sanazungulire. Anamuuza Frackson zonse: za kaliyala, za pampu, za tayala, ndi kumene Gomezgani anali tsopano. Frackson anadzikoka movutikira mpaka anakhala tsonga. Anasuzumira pa bedi la Wezi, n'kuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uyu?" anatero. "Yayi. Uyu ndi mwana. Amene anandikhapa ndi munthu wamkulu, wandevu, wamtali. Ndinamunyamula pamsana panga mtunda wonse uja, ndingamuiwale?" Anatembenukira kwa mayi Bridget. "Nanga Gomezgani sakanabwera kudzandifunsa? Ndili pompano. Ndimayankhula."

Diso lotsala la Wezi linali lotsegula, likutuluka madzi.

Keziya anadzuka kuti azipita kukakonza phala losefa. Anatola malaya a Wezi, ong'ambika, ouma gwa ndi magazi. Pansi pa bedi la Frackson panali jumbo ya zovala zakuda, ndipo fungo lake linkanena lokha kuti zakhalitsa.

"Amakuchapirani ndani?"

"Gomezgani yemweyo. Mkazi wanga ali kumudzi, ali ndi khanda."

Keziya anatsonya. Mkwiyo anali nawo, koma sanadziwe kuti aupereke kwa ndani: kwa wa pampu, kwa wandevu, kwa Amos, kapena kwa iye mwini amene anasamala za khonde. Anawerama, msana ukuyaka, n'kutola jumbo ija.

"Yewo chomene, amama."

"Musandithokoze. Sindinakhululukire munthu aliyense. Kungoti muno mukununkha, ndipo mwana wanga akugona momwemuno."

Atafika kunyumba anapeza ndowa ikadali chigubuduzike, thovu la m'bafa litaphwa, mabulangete atamira m'madzi ozizira. Lusungu anali atakhala pakhonde, maso ofiira, pafupi ndi madontho a utoto wakuda. Keziya anamupatsa ndowa, ndipo mtsikanayo ananyamuka kupita ku mpopi.

Anakhuthula jumbo ya Frackson pansi, n'kuika malaya a Wezi pamwamba pa mulu. Anafinya bulangete loyamba, mapewa akukana. Lachiwiri analisiya momwemo. Mitambo inali itayamba kale kutsika ku mapiri, phala linali lisanatereke, ndipo nthawi yoonera odwala inali kuyandikira. Anaviika malaya aja. Madzi anafiira pomwepo, ndipo anayamba kufikisa.

Phunziro: Katundu wotchipa wosadziwika kumene wachokera musagule, ndipo mwana akabwera naye pakhomo, kholo lifunse tsiku lomwelo, ngakhale litatopa bwanji. Mukamuganizira munthu kuti waba, mugwireni mupite naye ku polisi. Gulu likamenya silifunsa, ndipo diso likaphulika silibwerera ngakhale choonadi chidziwike madzulo ake.