Ndevu za a Geoffrey

"Ine ndikakhala Chilombo, mumgodi simutuluka munthu," anatero a Geoffrey akusisita ndevu zawo. "Agogo anga anakalambira ku Joni. Za pansi pa nthaka zili m'magazi. Wina akangotuluka lero, a Duncan, mundimete ndevu zonsezi."

A Duncan, eni babashopu yomwe timasewereramo pa Lizulu, anangotenga makina ometera n'kuwaika pa chaja.

Gemu yake ndi ya pafoni, ya anthu asanu. Anayi amakhala otsekeredwa mumgodi wakale, ndipo ayenera kukonza chikepe kuti akwere kumtunda. Wachisanu ndiye Chilombo, ntchito yake kuwagwira mmodzimmodzi. Kunena zoona, a Geoffrey ankatikhaulitsa. Nzeru yawo inali imodzi: Chilombo chinkabowola khoma mwakachetechete, iwe n'kungozindikira chakukoka mwendo. Koma nzeru imodziyo inawafikitsa ndevu pachifuwa, poti analumbira kuti sadzameta mpaka tsiku lomwe adzagonje. Akazi awo, a Janeti, anadandaula mpaka kwa ankhoswe, koma ndevu zinapambana mlandu.

Tsiku limenelo gemu inakana kutseguka mpaka titaika apudeti. Itatha, panatuluka mawu ofotokoza zimene eni gemu asintha. Tsono foni yawo a Geoffrey anaigula kutsidya kwa msewu, ku Mozambiki, ndipo imalankhula Chipwitikizi chokhachokha. Iwo Chipwitikizi chawo chimathera pa moni ndi dzina la mowa. Anangodina n'kupitirira.

"Achimwene, dikirani ndikuwerengereni pa yangayi," anatero Lufina, mlongo wawo, yemwe anasiyira mnzake ndowa za mbatatesi kuti adzasewere. "Akuti anthu amadandaula kuti Chilombo chanyanya, ndiye achichepetsa mphamvu. Chikabowola khoma chizi..."

"Iwe, mkango suwerenga nyuzipepala. Tiyeni!"

Tinalowa mumgodi: ine, a Duncan, Lufina ndi Atikonda wakabaza. Posakhalitsa tinamva chiphokoso ngati minibasi yothothoka ekizozi. Chinali Chilombo chikubowola khoma. Tonse tinabalalika bwinobwino, osathamanga n'komwe. Chitatulukira, chinaima n'kumazungulirazungulira ngati munthu wochokera ku kachasu.

"Netiweki!" anakuwa a Geoffrey. "Yathawira ku Mozambiki!"

"Benchi ndi limodzi, bwana," anatero Atikonda. "Yasankha inu nokha?"

"Ndi chizungulire chimenecho, achimwene," anatero Lufina. "Chabwera ndi apudeti. Ndimakuuzani."

Koma munthu wa ndevu sagonja msanga. Anasiya makoma n'kuyamba kutithamangitsa wapansi. Anayamba kugwira ine, poti dzanja limodzi linali m'tchipisi. Atikonda anakodwa pa njanji. A Duncan anagwidwa akuyang'ana ngati makina adzaza.

"Watsala mmodzi!" A Geoffrey anaimirira, ndevu zikugwedezeka. "Lufina, perekeratu malonje kumanda."

Apa n'kuti pakhomo paima a Janeti, dengu la kabichi lili pamutu. Amene anawaitana sindikumudziwa, ngakhale foni yanga ingatsutse.

Lufina anali pachikepe, akumanga mawaya. Kale munthu mmodzi sakanamaliza, koma eni gemu anawonjezera liwiro kwa wotsala yekha. Pakati pa iye ndi Chilombo panali khoma limodzi. Njira yozungulira inalipo, yaifupi ndithu.

"Zungulirani, bwana," ananong'oneza Atikonda, chifundo chitamugwira.

"Mdzukulu wa munthu wa ku Joni azungulire khoma?"

Chala cha a Geoffrey chinapita pomwe chinazolowera. Phokoso la minibasi lija linabwereranso. Chilombo chinatulukira pamphuno penipeni pa Lufina, n'kuyamba gule wake wozungulira. Lufina anamanga waya womaliza, analowa, natseka chitseko. Anachibayibitsanso.

Chikepe chinakwera.

A Janeti anatula dengu pansi n'kululuta. Kumbuyo kwa khutu la a Geoffrey, makina a a Duncan anayamba kulira.