Ulusi Wobiriwira

Anandikhazika pakati, bambo a kunyumba kumanja, mchemwali wawo kumanzere. Mipando ya mu holo ya kanema ija ndi yothinana, mawondo amagunda mpando wa kutsogolo. Kuti munthu utuluke, anthu angapo ayambe aimirira.

Bambowo matikiti anawapatsa kuntchito, kukampani ya alonda kumene ali kapitawo. Ine aka kanali koyamba kudutsa geti lathu m'miyezi inayi. Anandichotsa ku shopu ya utelala ati amuna obweretsa zovala amandiyang'ana kwambiri. Makina anga anawalowetsa kuchipinda, kiyi wa geti n'kumayenda naye m'thumba.

"Akuti ndi yoseketsa," anatero magetsi akuzima. "Useke, usandichititse manyazi."

Kanemayo inali ya mayi wina amene mwamuna wake ankamunyoza pagulu. Mayiyo sanalire, sanathire kanthu m'chakudya. Anangotenga singano n'kuyamba kuchepetsa mabuluku a mwamunayo m'chiuno, pang'onopang'ono. Bamboyo n'kumaona ngati akutupa.

Holo yonse inafa nacho chiseko. Ine sindinaseke nawo.

Zimenezo n'zimene ndakhala ndikuchita chinditsekereni. Pakatha masabata awiri ndimaphwasula msoko wakumbuyo, kulowetsa mulifupi mwa chala chimodzi, kusokanso, kudula chotsala, kusita. Bambo anasiya shuga. Anapita kuchipatala kawiri, adokotala n'kuwauza kuti sikelo ikuti akuonda. Anabwerako akutukwana sikeloyo.

Koma Lachiwiri ulusi wakuda unandithera, ndipo wotsekeredwa sapita kukagula ulusi. Ndinasokera wobiriwira. Buluku lake linali lomwelo anavala tsikuli.

"Mfiti iyi!" anakuwa bambo wina kumbuyo kwathu, akunena mayi wa mu kanema uja.

"Mfiti ndi ndani?" anayankha mayi wa mzere wa kutsogolo osatembenuka. "Chepetsanso, mwana wa mayi anga! Afinyike!"

"Mukaphunzitsa akazi athu zimenezi!"

"Anaphunzira kale, achimwene. Kayezeni kunyumba."

Chiseko chinabukanso. Bambo a kunyumba ankaseka mpaka mpando kugwedezeka, kenaka anamasula batani la buluku kuti apume. Dzanja lawo linapita kumbuyo, kukakoka m'chiuno, pamsoko penipeni. Ndinawerenga mitu ya anthu kufika pakanjira. Kumanja isanu ndi umodzi, kumanzere inayi. Chitseko chinali kutali, pali kanyali kofiira.

Mlamu anandigunda ndi chigongono.

"Alamu, simukuseka bwanji? Si ntchito yanu iyi?"

"Msoko wake ndi wokhota," ndinatero.

"Ee, inu wanu umawongoka," anatero chapansipansi, maso ali pa kanema. "Dzulo poanula zovala ndinauona. Wobiriwira."

Anangotsegula chikwama, kutulutsa switi, kundipatsa imodzi.

Mu kanema bambo uja anasiyiratu kudya. Anagwa pa masitepe a ofesi ndi njala, osadzukanso. Pomuika m'bokosi, suti inamukwana bwinobwino, abale n'kumayamikira telala. Apo anthu anagawikana. Ena ankaseka atagwira pakamwa, ena anangoti zii. Mayi wa kutsogolo uja anawomba m'manja yekha katatu, n'kusiya.

Ine ndinkayang'ana mkazi wamasiyeyo akutsegula yekha chitseko cha nyumba n'kutuluka. Mpamene ndinazindikira kuti mantha andithera. Ndinkafuna bambo atembenuze bulukulo, aone ulusi. Akalipe, aswe mbale, aitane ankhoswe, anditulutsire makina anga pamsewu. Pamsewu pali anthu ong'ambika zovala.

Magetsi anayaka. Tinatuluka mondondozana, dzuwa likuswa mtengo, maso kuchita kuwawa. Mlamu anatsazika pa siteji ya basi, akundiyang'ana ngati wodwala amene sakufuna kumuuza matenda ake.

Tili awiri, bambo anali akupukutabe misozi ya chiseko.

"Koma amuna ena ndi zitsiru," anatero. "Munthu osadziwa kuti buluku lako lachepa?"

"Bambo," ndinatero, "mabuluku anu ndimachepetsa ndine. Onse asanu. Chala chimodzi pa masabata awiri."

Anaima. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinakonzeka.

Kenaka anaphulika chiseko, mpaka wogulitsa nyuzipepala anatembenuka.

"Iwe? Iweyo? Amayi, mwayamba nthabwala!" Anandimenya paphewa mwachikondi. "Ndimadziwa kuti ikusangalatsa. Mu holo muja umangodzigwira."

"Tembenuzani muone ulusi."

"Ndivule pamsewu? Iwe ngakhale nyerere sungaiponde. Ine ndi mpweya wa m'mimba uwu, ndinawauza madokotala aja."

Anaseka njira yonse. Pofika pakhomo anatsegula geti, ine kulowa, iwo kukhoma, kiyi m'thumba. Kuchipinda anavula bulukulo n'kundiponyera pamiyendo, msoko wobiriwira uli poyera ngati msewu.

"Batani lagwedera ndi kuseka," anatero. "Ulimbitse, mawa ndivala lomweli."

Ndinakhala pa makina, ndinatenga kalezala kanga kophwasulira.