Holo Imodzi, Maukwati Awiri

Mlungu wonse ndinakhala ndikusamutsa katundu wosaoneka. Kampani yathu imabwereketsa maholo a maukwati, ndipo bwana anali atapeza malo ena osungira mawebusaiti athu ndi detabesi, nkhokwe ija yolembamo aliyense wobukitsa holo. Msana unkawawa ngati ndanyamula makabati, chikhalirecho ndinkangokhala pampando wanga wothyoka mkono, pafupi ndi fotokope.

Ndinawapempha bwana chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku losamukalo titseke kubukitsa. Adiresi ya webusaiti ikasintha, mafoni ena amapitabe kumalo osungira akale, ena kumalo atsopano, mpaka uthenga utafika ponseponse.

"Kutseka? Inu mayi, golosale amatseka chifukwa akupenta?" anatero bwana, maso ali pafoni.

Ndinafotokozanso kachiwiri, koma kunali kuthira madzi pamsana pa bakha.

Tsiku losamukalo ndi limene apongozi a mng'ono wanga anavomera tsiku la ukwati, atamuzunguza mwanayo miyezi yambirimbiri. Masana ananditumizira uthenga: "Asisi, zatheka! Holo yaikulu ija ndabukitsa, ndi yathu."

M'mawa mwake ndinatsegula nkhokwe zonse ziwiri. Dzina la mng'ono wanga linali mu yakale. Mu yatsopano, Loweruka lomwelo, holo yomweyo, munali dzina la banja lina. Onse awiri anali atalandira uthenga wowathokoza.

Bwana anabwera ndi kapu ya tiyi m'manja, n'kuwerama pakompyuta.

"Yoona ndi iti?"

"Zonse ndi zoona, bwana."

"Ndikuti imene tikugwiritsa ntchito panopa."

"Yatsopano."

"Basitu. Winayo muimbireni, mupepese. Inu zamakompyutazi mumatha kuzilongosola."

Sanafunse n'komwe kuti winayo ndi ndani. Atachoka ndinayang'anitsitsa mzere wa dzina la banja lina lija. Kusintha dzina inali ntchito ya zala ziwiri, ndipo palibe akanadziwa. Koma mkwatibwi winayo nayenso anali atauza kale abale ake. Ndinatopa, kutopa kosafuna ngakhale kulira.

Ndinatuluka n'kukakhala pamasitepe, pomwe amasiya ndowa ndi chokolopera. Ndinamuimbira mng'ono wanga, ndipo foni inaitana kamodzi kokha. Kumbuyo kwake kunkamveka makina akulira ndi anthu akuseka.

"Asisi, mwachita bwino kuimba," anatero mng'ono wanga. "Tili kosindikizitsa makhadi. Dzina la holo lija amalemba bwanji?"