Dzira la Mphezi

"Laphulika," anatero Ekow, osadzutsa n'komwe mutu.

Naa Dei anasiya kutafuna. Loweruka lililonse masana iye, mwamuna wakeyu ndi mnzake Dzifa ankachita masewero a madayisi m'shopu yosokera ya Naa Deiyo ku Kaneshie. Ekow ndiye ankayendetsa nkhani, enawo aliyense ndi munthu wake wolembedwa papepala. Wa Naa Dei anali Okailey, mlenje wamkazi amene anamulera zaka zinayi, kumupulumutsa kwa afiti ndi zinjoka.

"Chaphulika n'chiyani?"

"Dzira la Mphezi. Werengani pakhadipo. Likaperekedwa ndi dzanja lamanzere, limaphulika."

Dzifa anayang'ana dzanja lake lamanja, lili noninoni ndi mafuta a nthochi zokazinga. Zoonadi, khadi loimira dziralo m'masewerowo anapatsira Naa Dei ndi lamanzere.

"Koma alamu, ndinapepesatu! Ndinati pepani ndi lamanzere, nonse mukumva!"

"Dzira silimva kupepesa."

Ekow anaponya madayisi kuseri kwa katoni yake yobisira, n'kuwerengetsa. "Motowo wakwana makumi anayi ndi chimodzi. Mphamvu za Okailey zinali makumi anayi. Wafa."

Naa Dei mtima unamuwira. "Wapereka ndi lamanzere ndani? Munthu wa m'nkhani, kapena Dzifa amene akudya apayu?"

"Lamulo ndi lamulo."

"Lamulo la kuti! Tsiku lomwe mng'ono wanu anadzasewera nafe n'kugwera m'dzenje la moto, simunati madayisi apendekeka, tiponyenso? Mumayesa ndilibe maso ine?"

Ekow akanangoti tiponyenso, nkhani ikanathera pomwepo. Koma bambo ameneyu akakhala kuseri kwa katoni ija amadziona ngati woweruza milandu.

"Amayi, musapse mtima ndi pepala chabe. Nali lina, lembani munthu watsopano."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa dziralo. Okailey linali dzina la malemu mayi ake a Naa Dei, ndipo Ekow ankadziwa bwino lomwe, poti bokosi lawo ananyamula nawo.

Naa Dei anapinda pepala la Okailey mosamala n'kuliika m'thumba la diresi. Kenako anakoka nsalu ya patebulo, madayisi onse mbwee pansi.

"Tebulo ili ndi lodulirapo nsalu. Kuyambira lero, Loweruka ndizisoka."

Dzifa anatuluka osatsanzika. Ekow anagwada kutola madayisi ake. Limodzi linagubudukira pansi pa makina osokera, koma makinawo anali atayamba kale kulira, ndipo anachita mantha kupempha mkazi wake kuti asunthe phazi.