Banga la Pankhongo pa Asiya

Ku Liwaladzi, m'zaka zija dzombe linkagwa m'madambo a mpunga, mtsikana aliyense wokonzekera ukwati ankayamba wakhala pamphasa ya Rahila. Kukazinga nsatsi, kusinja ndi kuwiritsa mpaka mafuta ayandame, mayi aliyense ankatha, koma a enawo ankanunkha utsi. Rahila ankaengula ake moto usanakule, n'kuwathira m'botolo pamodzi ndi karafuu, timitu touma tonunkhira togula kwa Mmwenye ku boma la Kota Kota, makoko a ndimu ndi masamba a mpungabwi. Botololo linkakhala padzuwa masiku asanu ndi awiri. Ukalitsegula, a nyumba yachitatu ankadziwa.

Mwamuna wake anali atamwalira kalekale, kumusiyira mwana mmodzi, Asiya. Tsitsi la mtsikanayo linali lakuda bii, lofewa, losathyola chipeso, ndipo amayi ambiri ankabwera kudzafuna mafuta ataona mutu umenewo pachitsime. Atafunsiridwa ndi Habibu, mwana wa mwini ngalawa ya thanga yonyamula mpunga kupita nawo kutsidya la nyanja, mudzi wonse unati Rahila wapuma.

Kutatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike, Rahila anamukhazika Asiya pakati pa miyendo yake m'mawa, namumasula tsitsi. Mtsikanayo ankangolongolola za nsalu zimene apongozi ake anatumiza. Rahila anagawa mizere, kudzoza mzere ndi mzere ndi chala, mpaka anafika pankhongo. Pamenepo, pamene tsitsi limathera, panali banga lotuwa mofiirira, lalikulu ngati tsamba la ndimu. Ubweya wa pamenepo unali utathothoka, ndipo khungu linali louma.

Anaika dzino la chipeso pabangapo nakanikiza. Asiya anapitiriza nkhani ya nsalu. Rahila anakanikizanso mpaka kadontho ka magazi kanatuluka.

"Sukumva kuwawa?"

"Pati, Amayi?"

"Palibe. Ndimayesa ndakukoka tsitsi."

Rahila sanafunikire wina womuuza. Mlongo wake Kalilu anayamba ndi banga lotero pamsana, nathera m'kanyumba ka kuseri kwa mudzi, chakudya akumusiyira pamwala. Linali khate.

Tsiku lonse anadziuza kuti ndi chipere chabe, ngakhale ankadziwa kuti chipere chimayabwa. Anasinja karafuu yense amene anali naye, nasakaniza ndi mafuta ochindikala kwambiri, n'kumapaka pabangapo m'mawa ndi masana. Kwa Asiya ankati akufewetsa khungu la mkwatibwi. Banga silinasinthe. Kawiri konse anayamba ulendo wopita kwa Safiya, mayi a Habibu, ndipo kawiri konse anabwerera panjira. Akanena, mwana wake sadzakwatiwa, ndipo sadzakhalanso pamphasa imodzi ndi anthu. Akapanda kunena, mwina Mulungu achita chifundo. Anasankha kudikira chifundocho.

Pa tsiku la ukwati anamuluka mizere yotsika, michira yake yolendewera mpaka kuphimba khosi. Anali asanalukepo chotero. Amayi anaimba nthungululu, ndipo Safiya ananunkhiza mutu wa mtengwa nati, "Mayi Rahila, manja anu ndi odala." Rahila anangoyang'ana pansi, anthu n'kumati ndi chisoni cha kusiyana ndi mwana.

Miyezi isanu inapita. Asiya ankabwera mlungu uliwonse kudzalukidwa, chifukwa mayi ake anamuuza kuti asalole dzanja lina m'mutu mwake. Bangalo linali likukulira kulowera kukhutu.

Tsiku lina masana, Rahila akusinja nsatsi, anaona anthu atatu akulowa pabwalo. Safiya anali patsogolo, Habibu pambuyo, Asiya pakati atasenza mtolo wa zovala zake. Dzanja lake lamanja linali lokulungidwa ndi sanza.

"Mwana wanu uyu," anatero Safiya osakhala pansi. "Wagwira mphika wotentha mpaka khungu kusupuka, osamva kanthu. Tinamuvula mpango, tinamumasula tsitsi, ndipo taona. Inu mumagwira mutu umenewu mlungu ndi mlungu. Simunaone?"

"Khalani pansi, asebere, tikambirane."

"Pamphasa imeneyo ine ayi."

Habibu anali atayang'ana kumbali. Ananena mawu a talaka, osudzulira mkazi pa Chisilamu, motsitsa, ngati munthu wouzidwa chonena, ndipo ukwati unathera pomwepo. Asiya sanalire. Anatula mtolo, nati, "Ndili ndi pakati, a Habibu." Mwamunayo anaima pang'ono, koma mayi ake anali atafika kale kumsewu, ndipo anawatsatira.

Mlungu usanathe, mbiri inali itafika ku Dwambazi kuti mafuta a Rahila amapatsa khate. Amayi anakhuthula mabotolo awo kudzala. Ena anameta ana awo mipala. Pachitsime ankadikira Rahila atunge achoke, kenako n'kutsuka pamene anaikapo mtsuko. Palibe anabweranso ndi mtsikana wake. Nsatsi zinkaphulika zokha pamitengo kuseri kwa nyumba, popanda wozitola.

Rahila anapita ndi Asiya kuchipatala cha mishoni ku boma. Dresala, wothandiza dokotala, anabaya mtsikanayo ndi singano m'malo asanu ndi amodzi, ndipo Asiya anamva pawiri pokha. Dokotala wachizungu analemba kalata yomutumiza kuchipatala cha akhate, kutali kumwera, kumene ankati odwala amabayidwa jekeseni kwa zaka. Galimoto ya katundu yopita kumeneko inkanyamuka Lolemba.

Lamulungu masana Asiya anatenga lumo, nadzakhala pakati pa miyendo ya mayi ake.

"Mundimete, Amayi."

"Iwe, tsitsi lonseli?"

"Kumeneko adzandiluka ndani? Dzanja langa ili silingathe."

Rahila ananyowetsa mutu ndi madzi, nayamba kumeta kuchokera pamphumi. Tsitsi linkagwera pansalu yake, likununkhira karafuu. Atafika pakati pa mutu, Asiya anayankhula osatembenuka.

"Tsiku lija munandifunsa ngati ndikumva kuwawa. Munali mutaona, eti?"

Lumo linaima.

"Ndinaona."

"Mukanandiuza ine. Anthu enawo ayi, koma ine."

"Ndinkafuna ulaweko ukwati, mwanangu. Ndinkati mafuta achita."

"Ndikanadziwa, sindikanatenga mimba iyi. Tsopano ndikupita nayo kwa akhate."

Rahila anabwezera lumo pamutupo. Anamaliza kumeta, nakwirira tsitsilo pansi pa nthochi. M'mawa anamuperekeza mpaka ku boma. Anamupatsa botolo lotsiriza kuti azikapaka pakhungu louma. Asiya analilandira, naliika mumtolo, nakwera kumbuyo kwa galimoto pamwamba pa matumba a mpunga. Sanayang'ane kumbuyo.

Rahila sanayengenso mafuta. Ankapeza chakudya popuntha mpunga m'minda ya anthu a ku Ngala, kumene sankamudziwa bwino. Aliyense wochokera kumwera ankamufunsa, koma palibe ankadziwa kanthu.

Patapita zaka ziwiri, bambo wina wopanda nsidze, dzina lake Adamu, anaima kunja kwa mpanda wake. Anali atatulutsidwa kuchipatala chija ndipo ankapita kwawo kumpoto. Anakana kulowa, koma madzi analandira.

"Mwana wanu alipo," anatero. "Zala ziwiri zinapindika, koma amayenda, amalima. Anabereka mwana wamwamuna. Kumeneko ana sawasiya ndi amawo. Anamutenga tsiku lomwelo kukamulera kwina, ndipo amamuona pa mpanda kamodzi pamwezi."

"Anakutumani mawu?"

Adamu anamwa madzi otsala m'chikho.

"Anati ndikuuzeni kuti ali moyo. Anatinso musavutike kubwera."

Rahila anakhala pansi pomwe anaimapo.

"Nanga mwanayo, dzina lake ndani?"

"Limenelo sanandipatse, mayi."

Anabweza chikho, nathokoza, napitiriza ulendo wake. Rahila anakhala pamenepo mpaka anzake opuntha mpunga anadutsa namuitana, ndipo ananyamuka kuwatsatira.